Likasa la ku Bologna

Amene anafikapo Fomu 4 akuudziwa mutu uja wa masamu wotchedwa polynomials. Umabwera m'chaka chomaliza, mitu itatopa kale, mayeso a MSCE akununkhira. Aphunzitsi amalemba pabolodi chinthu chonga ichi, x³ − 9x² + 26x − 24, n'kuwonjezerapo mawu awiri aja, factorise completely. Kuno ku Nsungwi aliyense amaphunzitsidwa njira imodzimodzi, kaya ndi wa ku CDSS, wa ku pulayiveti, kapena wobwereza amene amathamangira kalasi yamadzulo akaweruka kuntchito ku Kanengo. Yesa manambala mpaka upeze imene ikupereka ziro, kenako gawa ndi long division. Ambiri amangoloweza, n'kukhoza kapena kulakwa, basi nkhani yatha. Komatu kanjira kameneka kali ndi mbiri, ndipo m'mbiri yake muli malumbiro, muli kutukwanizana, muli munthu amene anataya ntchito chifukwa cha x³.

Tiyambe tachita samuyo, kuopa kukamba za nyama imene sitinaione. Ikani 1 m'malo mwa x: 1 − 9 + 26 − 24, yankho −6. Yakana. Ikani 2: 8 − 36 + 52 − 24, ziro. Zikatero ndiye kuti x − 2 amalowa m'chinthu chonsecho popanda chotsala. Pogawa mumayamba ndi wamkulu. Pamwamba lembani x², muchulukitse ndi x − 2, muchotsere, patsala −7x², mutsitse 26x. Kenako −7x, muchotserenso, patsala 12x, mutsitse −24. Kenako 12, ndipo pansi patsala ziro. Pamwamba paja pali x² − 7x + 12, amene mwana wa Fomu 3 amamuphwanya osavutika: x − 3 ndi x − 4. Manambala opereka ziro ndi 2, 3 ndi 4.

Ngati kugawa zilembo kukuoneka ngati matsenga, kumbukirani samu ya kupulayimale, 156 kugawa ndi 12, yankho 13. Tsopano tinene kuti x ndi 10. Ndiye kuti 156 ndi x² + 5x + 6, 12 ndi x + 2, ndipo 13 ndi x + 3. Ndi samu yomweyo, yangovala yunifolomu ina.

Long division wa manambala, wotsitsa nambala imodziimodzi monga timachitira ife, anayamba kuoneka m'buku losindikizidwa mu 1491 ku Florence, kabuku ka Filippo Calandri kophunzitsira ana a anthu amalonda. Koma zaka zoposa 300 m'mbuyo mwake, ku Baghdad, mnyamata wa zaka 19 dzina lake al-Samawal anali atalemba kale buku losonyeza kagawidwe ka ma polynomial. Analibe x. Ankajambula mizere yotsika, mzere uliwonse n'kukhala nyumba ya mphamvu imodzi, n'kumangolembamo manambala, ochotsera omwe. Nyumba ikakhala yopanda kanthu ankaikamo ziro. Bambo ake anachokera ku Fez, ku Morocco, ndiye ngati mumafuna dontho la Africa m'nkhaniyi, ndi limenelo. Ngakhale dzina loti algebra linachokera ku Baghdad komweko, pa mutu wa buku la al-Khwarizmi la cha m'ma 820. Mawu oti al-jabr amanena za kubwezeretsa, ndipo ankagwiranso ntchito pokamba za kulumikiza fupa lothyoka.

Kungoti kugawa kumafuna kuti uyambe wapeza yankho limodzi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mu samu ija, sinthani 24 akhale 25, ngati dzina la dera lathu lino. Yesani 1, yesani 5, yesani 25, yesani ndi ochotsera omwe. Palibe ziro. Yankho lilipo ndithu, lili pakati pa 4 ndi 5, koma ndi nambala yamchira wosatha, ndipo kuyesayesa sikungakufikitseniko ngakhale mutachezera mpaka magetsi kuyaka. Masamu a m'moyo weniweni ambiri ndi otere. Ku China, m'zaka za m'ma 600, Wang Xiaotong anakumana ndi x³ powerengera dothi lomangira madamu ndi kukumba ngalande. Omar Khayyam wa ku Persia, amene ambiri amamudziwa ngati mlakatuli, cha m'ma 1070 anasanja mitundu yonse ya masamu a x³ n'kuwathetsa pojambula mizere yokhota n'kuona pomwe ikudulana. Imeneyo inali njira ya zojambula. Njira ya kuwerengera, yoti ungolowetsa manambala yankho n'kutuluka monga timachitira ndi quadratic formula, sanaipeze, ndipo anasiyira obwera m'mbuyo. Pofika mu 1494, Luca Pacioli, mkulu amene akauntanti aliyense amamutcha gogo wake, analemba m'buku lake ku Venice kuti njira imeneyi inali isanapezeke, ndipo anaiika m'gulu la zinthu zooneka zosatheka.

Anthu a ku Italy a nthawi imeneyo analibe x, analibe ngakhale chizindikiro chija cha timizere tiwiri chosonyeza kufanana, pakuti chinadzabwera mu 1557. Samu ankailemba m'mawu, ndipo nambala yosadziwika ankangoitcha cosa, kutanthauza chinthu. Manambala ochotsera sankawakhulupirira, choncho x³ + 6x = 20 ndi x³ = 6x + 20 kwa iwo zinali nyama ziwiri zosiyana. Cha m'ma 1515, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Bologna, Scipione del Ferro, anapeza njira yothetsera mtundu woyambawo. Chinthu chimene chinakanika anthu zaka zikwizikwi chinali m'kope mwake. Ndiye anatani? Anangoti duu. Musafulumire kumuseka. Ntchito ya uphunzitsi masiku amenewo inali ya kontirakiti, ndipo dolo wina aliyense ankatha kukuputa pagulu kuti mupatsane masamu, wolephera n'kutsala ndi manyazi, mwina ndi ntchito yomwe kutha. Chinsinsi chinali ngati mpeni wobisa m'thumba. Del Ferro anamwalira mu 1526 asanasindikize kalikonse. Anangouza anthu ochepa, mwa iwo mkamwini wake Annibale della Nave, amene anasunga makope, ndi wophunzira wake Antonio Maria Fior.

Munthu amene ine ndimamumvera chisoni m'nkhaniyi ndi Niccolò wa ku Brescia. Bambo ake anali wonyamula makalata pa hatchi, ndipo anaphedwa iye ali wamng'ono. Mu 1512 asilikali a ku France analowa mu Brescia n'kupha anthu ambirimbiri. Niccolò, ali ndi zaka pafupifupi 12, anathawira m'tchalitchi chachikulu pamodzi ndi amayi ake, koma msilikali anamupeza momwemo n'kumutema ndi lupanga kumaso, kung'amba chibwano ndi m'kamwa. Ndalama ya dokotala panalibe, amayi ake anamusamalira okha mpaka anachira. Kulankhula kokha sikunabwerere bwino, ndipo anthu anamupatsa dzina loti Tartaglia, kutanthauza wachibwibwi. Dzinalo analitenga n'kumalemba pa mabuku ake, zipsera n'kuzibisa ndi ndevu. Iye mwini anasimba kuti sukulu analekezera pa chilembo K, chifukwa fizi inathera pamenepo. Zotsalazo anadziphunzitsa yekha. Amene anabwezedwapo pageti la sukulu chifukwa cha balansi akudziwa tanthauzo la K ameneyo.

Mu 1535 Tartaglia anali akuphunzitsa masamu ku Venice, ndipo Fior, podalira chinsinsi cha malemu aphunzitsi ake, anamuputa. Anagwirizana kuti aliyense apereke mafunso 30, ndipo wogonja alipire maphwando 30. Tartaglia anapereka mafunso osakaniza, a mbali zosiyanasiyana za masamu. Fior anapereka mafunso 30 a mtundu umodzi wokhawokha, uja wa del Ferro. Tartaglia ataona izi anadziwa kuti mnzakeyo ali ndi kanthu m'thumba, ndipo kungodziwa kuti njira ilipo kunamukwanira. Anachezera nazo, mpaka usiku wa pa 12 Febuluwale anaitulukira yekha. Akuti mafunso onse 30 anawamaliza maola awiri asanakwane. Fior, atachotsedwa pa kanjira kake kamodzi kaja, anasowa pogwira. Maphwando aja Tartaglia anawakana, kupambana kunamukwanira.

Fior ndi munthu woyamba amene ndimamudziwa m'mbiri ya algebra amene anagwa ndi likasa m'manja. Anali ndi yankho la wina, lolondola bwinobwino, koma mutu wake unali usanayende njira imene yankholo linadzera. Ife za likasa sitichita kuuzidwa. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati, mapepala atayenda pa mafoni, ndipo dziko lonse, osalakwa omwe, linakalembanso mu Januwale 2021. Koma pali likasa lina losaletsedwa, lija loloweza masitepe osadziwa chifukwa chake, ndipo limagwetsa mofanana funso likangotembenuzidwa pang'ono.

Mbiri ya mpikisanowu inafika ku Milan, kwa Girolamo Cardano, dokotala, wolemba mabuku, woombeza ndi nyenyezi, komanso katswiri wa juga. Cardano ankalemba buku la masamu ndipo ankaifuna njirayo. Anatumiza mthenga, Tartaglia anakana. Anatumiza makalata, ena okalipa, ena onyengerera, mpaka anamukopa ndi lonjezo loti amudziwitsa kwa bwanamkubwa wa ku Milan. Mu Malichi 1539 Tartaglia anafika kunyumba kwa Cardano, ndipo kumeneko anaulula. Anaipereka mu ndakatulo, mizere yovuta kumasulira, moti Cardano anachita kulembanso kalata kufunsa kuti apa mukutanthauza chiyani. Malinga ndi Tartaglia, Cardano analumbira pa Uthenga Wabwino kuti sadzasindikiza. Panyumbapo panali mnyamata wina, Lodovico Ferrari, amene anabwera ali ndi zaka 14 ngati wantchito, Cardano n'kuona kuti ndi wamutu n'kuyamba kumuphunzitsa. Ferrari pambuyo pake ananena kuti analipo tsikulo ndipo lumbiro sanalimve. Aliyense ndi mbali yake, eti.

Awiriwa sanagone nacho chinsinsicho. Cardano anapeza umboni wa chifukwa chimene njirayo imagwirira ntchito, n'kuifutukula kuti ikwanire mitundu yonse ya x³. Mnyamata wantchito uja anapitirira, anathetsa za x⁴. Tsopano anali ndi chuma m'manja chimene sakanatha kutulutsa, chifukwa zonse zinatsamira pa ndakatulo ija, ndipo mwini wake ku Venice sankasindikiza, anali kalikiliki ndi kumasulira Euclid. Mu 1543 anapita ku Bologna, ndipo mkamwini uja della Nave anawatsegulira makope a apongozi ake. Njira ija inali momwemo, yolembedwa zaka zambiri Tartaglia asanailote. Cardano anati ndiye kuti lumbiro latha mphamvu, chimene ndisindikize ndi cha del Ferro. Mu 1545 buku lake, Ars Magna, linatuluka ku Nuremberg. M'bukumo anatchula onse awiri, del Ferro ngati woyamba, Tartaglia ngati amene anaitulukiranso payekha n'kumupatsa iye.

Tartaglia anapsa mtima koopsa. Chaka chotsatira anatulutsa buku lake momwe anaikamo makalata awo ndi mawu a lumbiro lija, ndi zonyoza zomwe. Cardano sanayankhe, anayankha ndi Ferrari, ndipo kwa miyezi yambiri awiriwa ankatumizirana makalata osindikiza, ogawidwa m'mizinda ya Italy kuti aliyense awerenge. Akanakhala lero bwenzi ili nkhondo ya pa Facebook, anthu akujambula ma screenshot. Tartaglia ankafuna Cardano mwini wake, osati wantchito wake. Koma kwawo ku Brescia atamulonjeza ntchito ya uphunzitsi, anayenera kuonetsa kuti ndi dolo, ndipo anavomera. Pa 10 Ogasiti 1548 anakumana m'tchalitchi china ku Milan, pamaso pa khamu. Taganizirani, munthu wachibwibwi, kwa eni, akutsutsana pakamwa ndi mnyamata wolusa amene ankadziwa za x³ ndi x⁴ kumuposa. Tsiku loyamba litatha, Tartaglia anachoka mu Milan osadikira lachiwiri. Ku Brescia anaphunzitsa pafupifupi chaka, malipiro ake osawaona, n'kubwerera ku Venice komwe anamwalira wosauka mu 1557. Cardano nayenso sanamalize bwino: mwana wake wamwamuna anaphedwa mu 1560 atapezeka wolakwa pa mlandu wothira mkazi wake poizoni, ndipo iye mwini anatsekeredwapo m'ndende mu 1570. Njira ija mpaka lero mabuku ambiri amaitcha ya Cardano.

Mukandifunsa ine, Cardano anachita ukathyali, ndipo kupita ku Bologna kuja kunali kufunafuna pothawira lumbiro. Koma ndikayeza ndi del Ferro, sindidziwa kuti ndikwiyire ndani kwambiri. Del Ferro akundikumbutsa asing'anga aja amene amadziwa muzu weniweni wa matenda ena, osauza ngakhale mdzukulu, mpaka kupita nawo kumanda. Akundikumbutsanso mnzathu uja wa m'kalasi amene akapeza ma past paper abwino amawabisa pansi pa matiresi. Kuchokera cha m'ma 1515 kufika 1545 ndi zaka 30 chinthu chili m'kope, ndipo chitangotuluka, anthu ena anachitola n'kuthamanga nacho.

Kanjira kathu ka Fomu 4 kanadzalembedwa momveka bwino ndi René Descartes mu 1637, m'buku lotchedwa La Géométrie. Ndi iyeyu amene anazoloweretsa dziko kulemba x, y ndi z pa zosadziwika, a, b ndi c pa zodziwika, ndi kanambala kakang'ono pamwamba kaja. M'gawo lachitatu la bukulo anayambira kumapeto. Anati tinene kuti x ndi 2, ndiye x − 2 ndi ziro. Tinenenso kuti x ndi 3, kenako 4. Anachulukitsa zitatuzo, ndipo chimene chinatuluka ndi x³ − 9x² + 26x − 24. Inde, samu imene tachita pamwamba paja ndi ya Descartes, yakwanitsa zaka pafupifupi 400. Kuchokera apo zonse zimaoneka poyera. Ngati samu inamangidwa pochulukitsa timagulu totere, ingathe kuphwasulidwa pogawa ndi kamodzi mwa ito. Ndipo popeza 24 uja anabadwa pochulukitsa 2, 3 ndi 4, manambala oyenera kuyesa ndi okhawo olowa mu 24, zimene Descartes analangizanso. Palibe chifukwa choyesera 5 kapena 7.

Apa pali chinthu choti wolemba mayeso chaka chino achigwire. Funso la pa pepala la mayeso limaphikidwa ngati mmene anaphikira Descartes, kuyambira ku yankho kubwerera m'mbuyo. Wolikonza anasankha manambala ang'onoang'ono, anachulukitsa, n'kukupatsani kuti muphwasule. Mukayesa onse olowa mu nambala yomaliza ija osapeza ziro, musanayambe kutukwana wokonza mayeso, onaninso ma minus anu.

Kuti kafike kuno kanjiraka kanadzera ku Britain, m'mabuku a sukulu za kumeneko. Sekondale zoyamba m'dziko muno zinachedwa: Blantyre Secondary School mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951, ndipo ana ake ankalemba mayeso a ku Cambridge. Kuchokera pa buku la Descartes kufika pa tsiku limene sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Nyasaland panapita zaka 303, ndipo olowamo anali owerengeka. Mayeso athuathu a Fomu 4 anayamba mu 1972, bungwe la MANEB n'kudzakhazikitsidwa mu 1987. Area 25 yeniyeniyi inakula m'zaka za m'ma 1970, likulu likusamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Pulayimale yaulere itayamba mu 1994, ndipo masukulu a MCDE atasanduka ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, m'pamene x³ anafika kwa mwana wa mayi wogulitsa tomato mumsika wa Nsungwi. Anafika m'Chingerezi, ali wamaliseche, wopanda dzina la munthu ngakhale mmodzi mwa amene anamuvutikira. Lero ndi kafunso ka mamalikisi ochepa, koma mamalikisi ochepa omwewo amatha kulekanitsa 6 ndi 7, ndipo aliyense amene anafunsirapo malo ku yunivesite akudziwa kuti pakati pa credit ndi pass pali phompho.

Ndatsala ndi munthu mmodzi amene ndamudumpha dala, Rafael Bombelli wa ku Bologna komweko, injiniya amene ntchito yake inali youmitsa madambo. M'buku lake la mu 1572 anatenga samu iyi, x³ = 15x + 4. Mwana wa Fomu 4 aipeza msanga: ikani 4, mbali iyi 64, mbali inayo 60 kuphatikiza 4. Koma mukailowetsa mu njira ya Cardano, pakati pa ulendo pamatuluka square root ya −121, chinthu chimene aliyense ankati kulibe, chifukwa palibe nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka yochotsera. Cardano anakumana nazo zoterezi n'kuzisiya. Bombelli anati tiyeni tingopitiriza ngati kuti chinthucho chilipo, tione kumene titulukire. Anapeza kuti mbali imodzi ikupereka 2 kuphatikiza square root ya −1, inayo 2 kuchotsera square root ya −1. Kuziphatikiza, zosaoneka zija zinadyana zokha, n'kutsala 4. Manambala amene anatulukira pakhomo limeneli, ma complex number, ndi amene mainjiniya amawerengera nawo magetsi a m'mawaya ndi mafunde amene akubweretsa nkhani ino pa foni yanu.

Samu ya Bombelliyo muichite ndi long division muone. Bweretsani zonse mbali imodzi, x³ − 15x − 4, mugawe ndi x − 4. Pali msampha: x² palibe, ndipo mukapanda kumusungira malo mizere isokonekera. Lembani 0x², monga al-Samawal ankaikira ziro m'nyumba yopanda kanthu. Pamwamba patuluka x² + 4x + 1. Ameneyo saphwanyika ndi manambala athunthu, afuna quadratic formula, ndipo mayankho awiri otsalawo ndi −2 + √3 ndi −2 − √3.